Buledi ndi Mchere wa kwa Sebille

Sebille sankadziwa kunong'ona. Akayamba kukalipira mbuzi zake kuseri kwa nyumba, wansembe ankachita kukweza mawu kuti Misa imveke. Kuno kwathu ku Rambeval, m'mapiri a Lorraine, akazi olongolola sitiwasowa, koma uyu anali wina. Nthabwala yosaseketsa sankaiseka, ndipo munthu akamulakwira ankamuuza pomwepo pamaso, osadikira kukamudya miseche kuchitsime monga amachitira anthu aulemu.

Anabadwira m'nkhalango, kwa bambo wowotcha makala, ndipo anthu a m'mudzi sanaiwale za makalawo ngakhale iye atakhala pakati pawo mpaka imvi. Asanathe msinkhu anamutumiza kukagwira ntchito pafamu ina kuseri kwa phiri, kumene anaphunzira kukama ng'ombe, kupirira ndodo ndi kupanga tchizi. Zopirira ndodo anazisiya konko, tchizi anabwera naye. Anakwatiwa mochedwa ndi Demenge, wosema nsapato zamtengo, bambo wofatsa ngati madzi a mumtsuko, amene akaona anthu akukangana ankatembenuka n'kuyamba kufunafuna mpeni umene uli m'manja mwake. Ana anabereka, koma atatu chisanu chinawatenga asanamere mano. Mmodzi amene anakula anatsatira ng'oma ya asilikali osabwerako. Sebille analira mokuwa, monga ankachitira china chilichonse, kenako anapukuta nkhope n'kubwerera ku ng'ombe yake.

Tchizi wake anali wabwino, ndipo tsoka linayambira pomwepo. Onyamula mchere ochokera kuchigwa ankaima ndi abulu awo pakhomo pake, kusiya mchere n'kutenga tchizi. Choncho kwa Sebille mchere sunkatha, ngakhale pakati pa chisanu pamene enafe tinkamwa supu wa kabichi wozizira. Batala wake ankagwira msanga, anzake akupukusa mkaka mpaka mapewa kuwawa osaona kanthu. Iye ankatsuka zidebe ndi madzi owira, enawo ankangotsukuluza, koma ndani angavomere kuti mwana wa wamakala amamuposa ukhondo? Kunali kosavuta kunena kuti amakama ng'ombe za eni ali khale m'nyumba mwake.

Ndiye panabwera nkhani ya nkhumba. Nkhumbayo inali ya Thiriet, woyendetsa ngolo ya matabwa, mwamuna wa Claudatte. Claudatte ameneyu ndiye anali mnzake wapamtima wa Sebille. Ankachapa pamwala umodzi, ankakandira ufa m'mbiya imodzi, ndipo Claudatte atabereka chitsirizira chake, kamtsikana kotchedwa Alizon, Sebille ndiye anakanyamula pa ubatizo. Koma nkhumba sidziwa chinzake. Inathyola mpanda n'kudya kabichi wa Sebille mzere wonse, iye n'kuima pamsewu manja ali m'chiuno.

"A Thiriet, nkhumba yanuyi mukapanda kuimanga mudzalira nayo!"

Mwezi usanathe nkhumba inafa. Nkhumba zimafa, abale. Chaka chimenecho zinafa zambiri, ngakhale za anthu amene kabichi wa Sebille sanamuonepo n'komwe. Koma iyi yokha ndi imene inafa italozedwa chala, ndipo Thiriet anaisunga mumtima.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kudzapempha mchere.

"Odi kuno, amayi Sebille! Tipatseniko kamchere, kwathu watithera. Ndi kachidutswa ka buledi ngati kalipo."

"Buledi? Si dzulo lomweli tinali tonse ku uvuni, inu mutasenza dengu lodzaza?"

"Aa, wathu uja sanapse bwino."

"Sanapse bwino! Tengani, koma mukaphunzire kukanda ufa, mayi wamkulu ngati inu."

Ankapereka akutukwana, koma ankapereka. Ena ankachokera kumtunda kwenikweni, kudumpha makomo onse a abale awo kudzapempha kwa iye. Ena ankatenga buledi ndi nsonga za zala ngati akutenga khala la moto, n'kuchoka osayang'ana m'mbuyo.

Mwambo uja tonse timaudziwa. Munthu akadwala nthenda yosamveka, mukaganiza kuti wina wamulodza, simupita kukamunena pamaso. Mumapita ngati mnansi, mumapempha buledi ndi mchere wa m'nyumba mwake, wodwala n'kudya. Akachira, ndiye kuti mwini buledi wachotsa matenda ake, ndipo wochotsa matenda ndi yemwe uja anawatumiza. Sebille ankazidziwa zimenezi kuyambira ali kamwana. Chimene sichinamufikire m'mutu n'chakuti khomo lopemphedwalo lingakhale lake. Ankangoti anthu a ku Rambeval ndi aulesi ndi opemphapempha, zomwenso sizinali zabodza.

Amene anamutsegula maso ndi mkulu wina wa kumtunda, amene mwendo unamuuma chisanu chonse. Anakumana panjira ya kudambo, mkuluyo akuyenda bwinobwino wopanda ndodo. Mkuluyo atamuona Sebille anavula chipewa.

"Zikomo, amayi, pondimasula. Buledi wanu ndinadya. M'dambo mwanu sindidzadutsamonso, ndalapa."

Sebille anaima panjirapo, chidebe cha mkaka chili m'manja. Zaka zonse zija zinamubwerera nthawi imodzi, nkhope ndi nkhope, kambale ndi kambale, ndipo anapeza kuti panalibe anapempha mchere m'nyumba mwake mulibe wodwala. Chinali chaka cha 1608, chaka chimene kutauni ya kuchigwa anawotcha akazi awiri pamlandu wa ufiti, anthu akwathu n'kupita kukaonerera atanyamula kamba wapanjira ngati akupita ku ukwati. Anafika kunyumba akupuma ngati wathamanga.

"A Demenge, ikani pansi nsapatoyo mundiyang'ane. Mumadziwa?"

"Kudziwa chiyani, mayi?"

"Musandifunse chiyani. Za mchere."

Demenge anayang'ana nsapato, anayang'ana denga, kenako anausa moyo. "Ndimayesa mukudziwa, mukungonyalanyaza. Muzingopereka basi, Sebille. Bola akuchira, sakutivuta."

"Bola akuchira! Bambo inu, mutu wanuwo munausema nokha? Aliyense wochira ndi mboni. Tsiku lodzanditengera kwa oweruza adzaima pamzere, wina ndi mwendo wake, wina ndi mwana wake, wina ndi ng'ombe yake, onse kulumbira kuti anachira ndi buledi wanga. Nkhuni zondiwotchera ndakhala ndikugawa ndekha, ndikuthokozedwa!"

"Mukawakaniza anena kuti mwaumitsa mtima kuti wodwala afe."

"Anene. Koma anene pamaso panga."

Lamulungu lotsatira, anthu akutuluka m'tchalitchi anamupeza ataima pamakwerero, buledi wathunthu ali m'khwapa, mbale ya mchere ili m'manja.

"Anthu a ku Rambeval, taimani! Misa yatha, tsopano mumve yanga. Uyu ndi buledi wanga, uwu ndi mchere wanga. Wowafuna abwere atenge pano dzuwa likuwala, koma anene chimene akuwafunira. Alitchule liwulo. Ndi lalifupi, silitsamwitsa munthu."

Palibe anasendera kudzatenga. Amayi amene ankabwera ndi timbale anayamba kukonza mipango ya ana awo. Amuna anapeza chodabwitsa pa nsapato zawo. Demenge, mwini kusema nsapatozo, anali atazimiririka kale kuseri kwa manda.

"Palibe? Nanga inu amayi a buledi wosapsa, lero wapsa? Inu a kumtunda, mchere wagwa ndi mvula kwanuko?"

Kumbuyo kwa gulu wina anang'ung'udza kuti mfiti ilibe manyazi. Khutu la Sebille linali lakuthwa ngati lilime lake.

"A Thiriet! Pokalipira ng'ombe zapangolo mumamveka mpaka tsidya, lero mawu athawira kuti? Bwerani kutsogolo mubwereze."

Thiriet anakankhidwa ndi anzake mpaka anapezeka patsogolo, nkhope ili psuu.

"Ngati ndine chimene mwanenacho, tiyeni titsike kuchigwa lero lomwe, inu ndi ine. Lamulo mukulidziwa. Woneneza amatsekeredwa m'ndende ya m'nsanja pamodzi ndi wonenezedwa, mpaka oweruza aone ngati mlandu ulipo. Ine ndakonzeka, ng'ombe ndakama kale. Inu mwatenga mboni yanji? Nkhumba yakufa?"

Mboni ya Thiriet inali nkhumba yokhayo basi. Ochira ndi buledi aja anali pomwepo, koma aliyense ankadikira kuti ayambe mnzake, ndipo kugona pa udzu wonyowa wa m'nsanja chifukwa cha mwendo wa munthu wina palibe ankakufuna. Wansembe, amene ankangoganiza za chakudya chake cha masana, anauza Thiriet kuti abweze mawu monga mwa mwambo. Thiriet anavula chipewa.

"Ndikumudziwa Sebille kuti ndi mayi wabwino."

"Sindinamve. Khutu ili munalowa makala ndili mwana."

"Ndati ndi mayi wabwino!"

"Mwamva nonse? Wanena yekha, sindinamulodze."

Anthu anaphulika kuseka, ngakhale amene ankamuopa. Claudatte naye anaseka atabisa kukamwa ndi mpango, mwamuna wake n'kumuona. Nkhumba akanatha kuiiwala Thiriet, koma kuseka kuja ayi.

Alipo ena mpaka lero amati Sebille anadziputira yekha, amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine zimenezo zimandipsetsa mtima. Akanakhala chete bwenzi akuti wavomera, pakuti kuno wotchedwa mfiti akapanda kuyankha ndiye kuti wadziwa mlandu wake. Anayankha, akuti anachulutsa pakamwa. Ndiye akanatani, akanauluka?

Zaka ziwiri zinadutsa popanda wodzapempha mchere. Zoona zake, popanda wobwera n'komwe. Akafika kuchitsime macheza ankaduka, ana ankakokedwa m'njira. Sebille ankati bola, mpweya wachuluka, koma zinkamupweteka, ndipo masiku ena ankayankhula ndi ng'ombe nthawi yaitali kuposa kale. Amene sanasiye kubwera ndi Claudatte, ndi Alizon wake, amene tsopano anali kamtsikana kotha kutumidwa, kokonda kunyambita chipande cha mkaka wogwira n'kumafunsa mafunso osatha.

Alizon anadwala nyengo yomweta udzu. Thupi linatentha, chakudya anakana, anayamba kuyankhula zosamveka, mpaka maso analowa. Thiriet analetsa Sebille kuponda pakhomo pake, n'kutenga malaya a mwanayo kupita nawo kwa woombeza wa kuseri kwa phiri. Woombezayo anayang'ana m'beseni la madzi n'kunena kuti ndi mkazi wapafupi, amene amamupatsa mwanayo zakudya, amene munakanganapo naye. Nzeru zake zinali zomwezo! Pa Rambeval pali nyumba imene sinakanganepo ndi mkazi wapafupi?

Tsiku lina masana, Thiriet atapita ndi ngolo kunkhalango, Sebille anamva kuodira pakhomo.

"Iwe Claudatte, unayamba liti kuodira pano? Lowa. Mwana ali bwanji?"

Claudatte sanalowe. Anaima pakhomo, maso otupa, m'manja muli kambale kopanda kanthu. Sebille anakayang'ana kambaleko.

"Ndi iwe womwe?"

"Zonena anthuzi sindikuzikhulupirira, mnzanga. Mulungu ndi mboni, sindikuzikhulupirira ngakhale pang'ono."

"Nanga kambaleko n'kachiyani?"

"Mwana akufa, Sebille. Madzi odalitsa ndamumwetsa, makandulo ndayatsa, mankhwala onse a m'mudzi muno ndayesa. Chatsala n'chokhachi. Akafa ndisanayese, ndidzakhala bwanji? Ukanakhala iwe ukanatani?"

Yankho la funsolo Sebille ankalidziwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ukudziwa chimene chidzachitike akachira?"

"Ndikudziwa."

"Mwamuna wako adzakhala ndi mboni yoposa nkhumba. Nsanja sadzaiopanso, ndipo ena onse aja adzapeza pakamwa."

"Ndikudziwa."

"Ndikakukaniza, mwana n'kufa, ndamupha ndine. Ndikakupatsa, mwana n'kuchira, ndinamulodza ndine. Ndiye wabwerabe?"

"Ndabwera," anatero Claudatte, misozi ili chuchuchu.

Sebille anachita mantha. Tisabise, anachita mantha enieni. Akazi awiri a kuchigwa aja sanapite kukawaonerera, koma obwerako anamufotokozera zonse, zitsulo zofinyira zala, chingwe chokokera mikono kumbuyo, ndi fungo limene linakakamira m'zovala. Anakwiyanso, chifukwa mwa anthu onse a m'mudzi uyu yekha ndi amene sakanatha kumupirikitsa ndi tsache.

Kumbuyo kwake Demenge anatsokomola. "Mukanizeni, Sebille. Chonde, ulendo uno mukanizeni."

"Ha! Lero ndiye mwapeza mawu? Khalani pansi, bambo. Claudatte, ponya uko kambale kako, sindine wopatsa mwana wanga wa ubatizo nyenyeswa ngati nkhuku."

Anatenga buledi wathunthu, mchere wodzaza dzanja ndi mtsuko wa mkaka wa mbuzi. Sanadzere kuseri kwa minda ngati mmene Claudatte ankafunira. Anayenda pakati penipeni pa msewu.

"Tsegulani mazenera muone bwino, kuopa mungadzaname kwa oweruza! Ndine Sebille, uyu ndi buledi, ndikupita naye kwa Alizon! Inu amayi kuseri kwa chitsekoko, tulukani, diso limodzi siliona zonse!"

Anamupeza mwana atagona chagada, milomo yosweka. Anamukhazika pamiyendo pake, ananyika buledi mumkaka wofunda, anawaza mchere, n'kumuika pakamwa ndi chala.

"Idya, kanthu iwe. Ndasenza buledi mudzi wonse ukundiyang'ana, usandichititse manyazi."

Alizon anameza kamodzi, kenako kawiri, n'kugona. Sebille ananyamuka osatsanzika.

Zitatero kunali kudikira. Mudzi wonse unkadikira, koma wodikira zenizeni anali iye. Claudatte anamupempha kuti asabwerenso, kuopa Thiriet, ndipo akakumana pochapa ankangoti mwana ali chimodzimodzi, sakuchira, sakufa. Udzu unamwetedwa n'kututidwa, tirigu anacha, yankho lili lomwelo. Demenge tsiku ndi tsiku ankanena za kuthawa, kuti kuseri kwa mapiri kuli anthu a chiyankhulo china amene sakuwadziwa, ndipo nsapato anthu amavala kulikonse.

"Wothawa wavomera," ankatero Sebille. "Ndithawe m'nyumba mwanga chifukwa ndadyetsa mwana? Athawe iwowo."

Koma popemphera zinkamuvuta. Ankagwada kuti apemphere kuti Alizon achire, lilime n'kulemera pakati pa pemphero. Akatero ankachita manyazi, n'kudzitukwana, n'kuyambiranso mokweza mpaka Demenge kudzidzimuka.

Kenako anayamba kuona zina. Claudatte anasiya kulira. Nsalu zimene ankabwera nazo pochapa sizinalinso za wodwala. Ku uvuni ankatenga buledi wochuluka ngati kale, koma maso a Sebille ankawazemba. Loweruka lina, anthu akupuntha tirigu, Sebille anadzera kuseri kwa nyumba ya Thiriet, ndipo anamva kamawu kakuimba nyimbo ya ana yowerengera zala, kenako mawu a Claudatte akuti, "Shii! Ufuna anthu amve?"

Sebille sanaodire. M'nyumbamo munali mdima, mazenera otseka dzuwa lili phwee kunja, fungo la utsi ndi chinyontho. Anangoona kanthu koyera kakudumphira pabedi, kutembenukira kukhoma n'kuyamba kubuula.

"Kubuula kwanji kumeneko? Mbuzi yanga ikafuna kabichi imanama bwino kuposa apa. Dzuka ndikuone."

Kubuula kunaleka. Alizon anasuzumira pansi pa bulangeti, n'kuyang'ana amayi ake.

"Ndati dzuka."

"Sindingadzuke, amayi Sebille. Amayi anati ndikadzuka akuwotchani."

Sebille anakhala pansi pampando umene unali pafupi.

"Kuyambira liti?"

"Sabata yomwe ija unamudyetsa buledi," anatero Claudatte. "Kutentha kunatsika, anapempha chakudya. Palibe akudziwa, ngakhale bambo ake. Akabwera Loweruka kuchokera kunkhalango mwana amatembenukira kukhoma, iwo amakhala apo n'kumalira. Tamvera, Sebille, ndaganiza bwino. Agone mpaka chisanu chithe. Kukayamba kufunda ndidzamubereka kupita naye ku kachisi wa Amayi Maria kuphiri, pobwera adzayenda yekha. Anthu adzati wachira ndi ulendowo, buledi wako adzakhala ataiwalika. Ndinakuika pamoto ndine, ndilole ndikuchotsepo."

Nzeruyo inali yabwino, ndipo Sebille anaifuna. Anaifuna ndi mtima wake wonse, monga munthu womira afunira nthambi. Anakhala chete, iye amene sankakhala chete, mpaka Claudatte anayamba kumwetulira poganiza kuti wavomera.

Koma Sebille anaitana mwana. "Bwera kuno, Alizon. Imirira, palibe akuona."

Mwana anatsika pabedi n'kuyenda akugwira khoma. Sebille anatsegula zenera pang'ono kuti amuone. Nkhope inali yotuwa ngati ufa, timiyendo ngati mapesi, ndipo atangoyenda pang'ono anatsokomola chifuwa chouma.

"Chifuwachi chayamba liti?"

"Ndi utsi chabe."

"Ndi utsi chabe. Ndinaika ana atatu m'manda, Claudatte, onse anayamba ndi utsi chabe. Chisanu chikamupeza muno, wosaona dzuwa, wosathamanga, kuphiri kwakoko udzapita ndi mtembo." Anatembenukira kwa mwana. "Iwe, ukagona apo bambo ako akulira, umaganiza chiyani?"

Alizon anagwetsa nkhope. "Ndimaopa kuyetsemula. Ndimaopa kuti ndikalakwitsa mufa chifukwa cha ine."

"Wamva? Wamusenzetsa mwana mayi wathunthu pamutu, wolemera ngati ine!"

"Sebille, chonde, miyezi yochepa yokha."

"Ayi. Ndinalakwa chiyani kuti ndikabisale pansi pa bulangeti la mwana? Sindinamulodze, sindinamuchiritse. Wachira yekha ndi Mulungu wake, ndipo chinthu chotere sachibisa ngati mimba yapathengo. Akufuna kundiwotcha chifukwa mwana ali moyo? Andiwotche akumuona akuthamanga. Alizon, nsapato zako zili kuti?"

Claudatte anaima pachitseko atatambasula manja. Sebille anamuyang'ana, osakalipa, n'kumugwira paphewa.

"Unachita zimene mayi amachita, mnzanga, kawiri konse. Ndilibe nawe mlandu. Tsopano choka pakhomo."

Anatuluka atagwirana manja, mayi wamkulu ndi kamtsikana kovala malaya ogonera. Alizon anatsinzina, dzuwa litamuthobwa m'maso, kenako anayetsemula kolimba n'kuseka yekha. Pabwalo lopunthira tirigu ndodo zinaleka kugunda imodziimodzi. Amayi ena anachita chizindikiro cha mtanda. Sebille anatsamira mpanda ngati munthu wongocheza.

"Mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo mwana? Ndi Alizon, wachira! Kapena mumafuna maliro kuti mudye nyemba zaulere?"

Nthawi yomweyo ngolo ya Thiriet inatulukira pokhota, yodzaza matabwa. Atamuona mwana wake ataimirira pamsewu anaponya chikwapu, analumpha ngolo isanaime, anathamanga n'kumunyamula m'mwamba. Bambo wamkulu uja analira ngati mwana, akumugwira kumaso, kumanja, kumapazi, akutchula dzina lake mobwerezabwereza. Ngakhale Sebille anamumvera chisoni.

Kenako Thiriet anakweza maso pamwamba pa mutu wa mwanayo, n'kumuona Sebille ali pampanda. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. Anthu a pabwalo anali atasendera pafupi, ndipo mkulu wa mwendo uja anali patsogolo.

"Ndiye munalidi inu," anatero Thiriet.

"Mwana wako wachira, chitsiru iwe. Yamba waseka."

Thiriet sanaseke. Anamutsitsa mwana bwinobwino, anamupsompsona pamutu, n'kuuza mkazi wake kuti amasule ng'ombe pangolo, iye akutsika kuchigwa kwa oweruza. Amuna atatu anati amuperekeza. Alizon sanazimve zimenezo. Anali ataona anzake kumtsinje, ndipo ankathamangira komweko, kugwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, ndi timiyendo take toiwala kuyenda. Sebille anamuyang'ana mpaka anafika, n'kumukuwira kuti asalowe m'madzi ndi chifuwa chimenecho.

Anthu a oweruza anadzamutenga Sebille Lachiwiri m'mawa, ndipo ku Rambeval sanabwererenso.